Amapemphera, amasala, komanso ndi gay: nde titani naye mwana ameneyu?

Nkhani iyi ndakhala ndikuizemba kwa nthawi yaitali chifukwa ndimatidziwa a Malawi mmene tilili, ukangotchula mawu oti mathanyula basi makutu atsekeka, wina wayamba kale kutukwana, wina akuti wadya ndalama za azungu. Ine sindinadye ya munthu abale, ndimadya ka salale kanga ka uphunzitsi komwe kamatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Koma zomwe ndinaona ndi maso angawa kuno ku Chinamwali zandikhala pakhosi, nde ndilemba basi, otukwana atukwane.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mnyamata wina, dzina sinditchula ndipo mpingo wake sinditchulanso. Zaka 19, anali atangolemba kumene MSCE. Mwana wakwaya weniweni, uja amafika koyambirira ku pulakatisi nkusesa mtchalitchi, nkukatenga kiyibodi kwa a tcheya pa kabaza ataikumbatira ngati khanda kuopa mabampu. Tsiku lina msuweni wake anabwereka foni ati aimbire munthu, mmalo moimba anakalowa pa WhatsApp nkupeza ma meseji amene mnyamatayu amalemberana ndi mnyamata mnzake, ma meseji achikondi. Anawajambula nkuwaponya mu gulupu ya banja. Mmene dzuwa limalowa nkhani inali itafika ku mpopi, kuchigayo, ku kwaya konse. Bambo ake anamukwapula ndi waya wa magetsi nkumuponyera zovala panja zili mu jumbo, mayi ake anangokhala pakhonde chitenje kumaso. Anagona masiku awiri kudepoti mtauni, ndipo munali mu June, amene mumaidziwa Zomba mukudziwa mphepo imene imatsika mphiri muja nthawi imeneyo.

Anamutola ndi mayi wina wachisilamu, wachikulire, amagulitsa zitumbuwa ndi tiyi m'mamawa, tonse timangowatchula kuti anganga. Mawu awo anali ochepa. Anati iwe, zako zimene akukambazo ine sindikufuna nkuzimva komwe, koma mwana amene ndinamuona akukwawa sangagone padepoti ine ndili moyo, nyamula jumbo yakoyo tiye. Nde Lamulungu litakwana anganga aja anamudzutsa m'mamawa, ati kodi sukupita kutchalitchi kwanu lero? Mnyamata uja anangoyamba kulira.

Atabwera kwathu patapita sabata ine ndimayembekeza kuti adandaula za mikwingwirima ya waya ija kapena za fizi ya ku koleji, koma funso lake linali lina. Anati amadamu, kodi ndikamapemphera Mulungu amamvabe? Ndinasowa chonena, ndinangomuthirira tiyi wina. Pa mkangano wonse wa LGBTQ umene timaumva pa wailesi mbali zonse zimayankhula ngati kuli anthu opemphera uku, ma gay uko, pakati pali mpanda. Chonsecho ana ambiri amene ali mu nkhaniyi ali mkati mwa tchalitchi ndi mzikiti momwemo, amatumikira pa Misa, amaimba kwaya, ali mu SCOM ndi YCS kusukulu, ena anamaliza madrasa ndipo amasala Ramadhani yonse osaphonya olo tsiku limodzi.

Ndipo sizodabwitsa. Kalembera wa 2018 amene anachita a NSO, ofesi ya boma yowerenga anthu, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni Akatolika ndi 17.2 peresenti, a CCAP 14.2, Asilamu 13.8, kwinaku a Seventh Day, a Anglican, a Pente ndi mipingo ina yambirimbiri, ndipo amene anati alibe chipembedzo anali ka 2 peresenti kokha. Nde mwana wa gay wa ku Malawi angachokere kuti ngati si m'nyumba yopemphera?

Mwina ndiyambe ndamasulira zilembozi poti ambiri timangozimva. L ndi G ndi akazi amene mtima wawo umakopeka ndi akazi anzawo ndi amuna amene amakopeka ndi amuna anzawo, B ndi amene amakopeka ndi onse, T nde nkhani inanso yosiyana, ndi munthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma mkati mwake amadzimva kuti ndi mkazi kapena mosemphanitsa, Q ndi thumba lotengera ena otsala kuphatikizapo amene akadali kudzifunsa. Ife onsewa timangowaunjika pa liwu limodzi la mathanyula, liwu lomwe agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela analidziwa kalekale m'makomponi a ku migodi Facebook kulibe, nde zoti izi zabwera ndi mafoni ndi ma NGO sizoona kwenikweni. Vuto la liwuli ndi loti limakamba za kugonana basi, pamene mwana wa zaka 16 amene wazindikira kuti anzake akamakamba za atsikana iye mtima wake suli komweko mwina sanagwirepo ndi dzanja la munthu lomwe. Palibe chimene wachita, wangozindikira, ndipo akuopa koopsa.

Komanso si misala. Ndikunena dala chifukwa ife a ku Zomba timadziwika ndi chipatala cha Mental, mpaka dziko lonse munthu akasokonekera amati mupite naye ku Zomba. Bungwe la WHO linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990. Chomwe chimadwalitsa ana amenewa ndi mantha, kubisa zaka ndi zaka, kumenyedwa ndi kusalidwa, zimenezo nde zimabweretsa matenda a nkhawa enieni ofunika dokotala.

Za malamulo tinene mosabisa kuti wina asapusitse mwana. Ku Malawi kugonana amuna okhaokha ndi mlandu, Penal Code gawo 153 chilango chake chimafika zaka 14, gawo 154 ndi la kuyesera kuchita zimenezo, zaka 7, gawo 156 zaka 5. Malamulo amenewa anabwera ndi atsamunda cha m'ma 1930 likulu la dziko lili konkuno, eni akewo ku England anawachotsa mu 1967, ife tinatsala nawo. La akazi okhaokha, gawo 137A, nde ndi lathulathu, aphungu analivomereza mu 2010 Bingu nkusainira kumayambiriro kwa 2011. Ambiri tikukumbuka za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009, khothi linawapatsa zaka 14 mu May 2010, patangopita masiku ochepa Bingu anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon wa UN. Mu 2012 boma la Joyce Banda linanena kuti apolisi ayambe asiya kumanga anthu pa milandu yotere koma lamulo lenilenilo silinafufutidwe. Kenako anthu awiri, mzungu wa ku Netherlands ndi Mmalawi wa ku Mangochi, anakatsutsa malamulowa kukhothi, mu July 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi mumsewu ku Blantyre kusonyeza kuti sakufuna asinthe, ndipo pa 28 June 2024 majaji atatu anagamula kuti malamulowo akhale momwemo, ofuna kusintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Kungowoloka nyanja ya Chilwa kulowa Mozambique si mlandunso kuyambira 2015, koma kuno ndi choncho.

Koma muone bwino, lamulo likukamba za mchitidwe. Palibe gawo limene limamanga munthu chifukwa cha zimene akumva mumtima, kayendedwe kake kapena mawu ake opyapyala. Ndipo malamulo a dziko lomweli amati kumenya munthu ndi mlandu, kumuopseza kuti akupatse ndalama apo ayi umuulula ndi mlandu, ndipo kholo lili ndi udindo wosamala mwana wosakwana zaka 18, silingangomutaya ngati chitini. Constitution gawo 19 imakamba za ulemu wa munthu, 21 za chinsinsi chake, 33 za ufulu wopembedza, sinalembe kuti kupatula uyu. A Human Rights Watch mu lipoti lawo la 2018 analemba nkhani za a Malawi amene anamenyedwa, kuthamangitsidwa panyumba, kunyozedwa kuchipatala, ambiri osakadandaula kupolisi poopa kuti amangidwa iwowo. Ndipo a Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu mu Africa muno, atafunsa cha m'ma 2014 ndi 2015, a Malawi 6 okha pa 100 alionse ndi amene anati sangavutike kukhala moyandikana ndi munthu wa gay. Mwana akamabisa mpaka kudwala nazo amakhala akudziwa mudzi umene akukhalamo.

Chinanso tisasakanize. Munthu wamkulu amene akugona ndi mwana, kaya wamwamuna kaya wamkazi, ameneyo ndi wogwirira, kamuneneni kupolisi lero lomwe ndipo mwanayo ndi wolakwiridwa, osamuwonjezeranso chikwapu.

Tsopano ku zipembedzo. Sindinabwere pano kudzanama kuti mipingo yathu imavomereza, ayi. Katolika, CCAP, Anglican ya kuno, Seventh Day, a Pente, Asilamu a bungwe la Muslim Association of Malawi ndi a Qadria omwe, onse amaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi ndipo kugonana amuna kapena akazi okhaokha ndi tchimo. Akhristu amawerenga Genesis 19, Levitiko 18:22, Aroma 1, Asilamu amawerenga za anthu a mneneri Lut. Vatican itatulutsa chikalata chija pa 18 December 2023 cholola ansembe kudalitsa anthu otere, maepiskopi a ku Malawi anakana tsiku lotsatira lomwe, anali mwa oyambirira mu Africa muno. Kunja uko kuli akatswiri ena a Baibulo amene amawerenga mavesiwa mosiyana, amaloza Ezekieli 16:49 pamene tchimo la Sodomu likutchulidwa kuti kunyada, kukhuta ndi kusathandiza osauka, ndipo Church of Scotland imene inabzala mishoni ya Blantyre ndi ya Domasi mu 2022 inalola abusa ake kumangitsa maukwati otere, ana ake a kuno sanatsatire. Mkangano umenewo sutha mawa ndipo ine mphunzitsi wa pulaimale sindingaumalize.

Chimene chimandidabwitsa ine nchoti timawerenga theka la chiphunzitso, theka linalo nkulitsekera mkabati. Tengani Katekisimu wa Katolika. Ndime 2357 imati mchitidwewo ndi wolakwika, imeneyo aliyense amaidziwa. Ndime yotsatira, 2358, imati anthu amenewa alandiridwe mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndipo tsankho lililonse lopanda chilungamo lipewedwe. Ndi angati anamvapo ndime imeneyo ikuwerengedwa ku limana? Malemu Papa Francis mu January 2023 ananena poyera kuti kukhala gay si mlandu woti boma lizimangira munthu, mwezi wotsatira pochokera ku South Sudan anabwereza zomwezo mundege ali limodzi ndi Justin Welby wa Anglican ndi mtsogoleri wa Church of Scotland. Chiphunzitso cha ukwati sanachisinthe, koma anasiyanitsa nkhani ya tchimo ndi nkhani ya kupolisi.

A Anglican nawo, amene likulu la dayosizi yawo ya Upper Shire lili pa Malosa apa, ali ndi mfundo ya msonkhano wa Lambeth wa 1998 imene aliyense amaitchula pokana maukwati otere. Mkati mwa mfundo yomweyo maepiskopi analonjeza kuti azimvetsera anthu amenewa, anawatsimikizira kuti Mulungu amawakonda, ndipo kuti aliyense wobatizidwa ndi wokhulupirika ndi chiwalo chathunthu cha thupi la Khristu. Pepala limodzi lomwelo eti.

Za Chisilamu nde anganga aja anandiphunzitsa osadziwa kuti akundiphunzitsa. Qur'an sura 49 ndime 12 imaletsa kufufuza zinsinsi za anzako ndi miseche, mpaka imafanizira wamiseche ndi munthu wodya mnofu wa m'bale wake wakufa. Pali hadith, kutanthauza mawu a mneneri Muhammad, yodziwika yoti wobisa manyazi a Msilamu mnzake Allah adzamubisira ake, ndi ina yoti wodula chibale sakalowa ku Jannah. Nde tikatengera zimenezi msuweni uja wojambula ma meseji ndi bambo wothamangitsa mwana usiku nawonso ali ndi zoti akayankhe, osati zazing'ono. Kwa ife Akhristu 1 Timoteo 5:8 imanena mosapsatira kuti wosasamala a m'banja lake waipa kuposa wosakhulupirira, koma vesi imeneyo sindinaionepo pa sitetasi ya munthu.

Ndipo kukhala ndi m'bale amene ukukhulupirira kuti wasochera si zachilendo kuno kummawa. Mabanja ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi ndi osakanikirana, mayi Msilamu bambo Mkhristu, malume shehe azakhali a Mvano. Archbishop Thomas Msusa amene anali episkopi wa Zomba asanapite ku Blantyre anabadwira m'banja lachisilamu ku Mangochi, ndipo anafotokozapo okha mmene abale anawakanira atalowa Chikatolika ali mnyamata, nkudzagwirizananso patapita zaka. Sindikuti nkhani ziwirizi ndi zofanana kapena kuti iwo akugwirizana nane, ulendo wa 2023 uja anali kutsogolo. Ndikungoti luso limeneli tili nalo kale, timadyera mbale imodzi pa Eid ndi pa Khrisimasi, pamaliro timakhala pa siwa imodzi usiku wonse aliyense akuganiza mumtima kuti mnzakeyo njira ya kumwamba waiphonya, ndipo palibe amene amamuponyera mnzake zovala panja.

Nanga mapemphero otulutsa chiwanda? Apa nde pamene makolo achikondi amapweteka mwana ali ndi mtima wabwino. Patapita mwezi mayi ake a mnyamata uja anakamutenga kwa anganga nkupita naye kuphiri kwa mneneri wina, masiku atatu osadya, kumuthira mafuta, kumukuwira m'khutu kuti tuluka tuluka, kumugwetsa pansi anthu akujambula pa foni. Tsiku lachitatu ananena kuti ndachira, anthu nthungululu. Anadzandiuza yekha kuti amadamu njala inandipweteka komanso ndimawamvera chisoni amayi, anagulitsa matumba awiri a chimanga kuti tipite kumeneko, nde ndinangonena zomwe amafuna kumva. Anatsika phiri ali yemweuja, chowonjezera chinali choti tsopano amaganiza kuti Mulungu naye wamukana poti ena onse amagwa nkuchira iye yekha ayi. Ku America kunali bungwe lalikulu lachikhristu lotchedwa Exodus International limene kwa zaka zoposa 30 limalonjeza kusintha anthu ndi mapemphero ndi uphungu, mu 2013 linatseka ndipo mtsogoleri wake Alan Chambers anapepesa, atavomereza kale kuti pafupifupi onse amene anawaona sanasinthe. Amenewo sanali odana ndi Baibulo, anali eni ake a ntchitoyo. Kupemphera naye mwana ndi bwino, amazifuna kwambiri zimenezo, mwina kuposa inu. Koma mwana amamva kusiyana kwake mukamapemphera mutamugwira dzanja ndi mukamapemphera momuloza ngati satanayo ndi iyeyo.

Kwa atsikana zimachitika mwakachetechete ndipo ndi zoopsa kwambiri, kumufunira mwamuna mwachangu ati akalawa asintha, pena mpaka kumutumizira munthu ati amuwongole. Kumeneko ndi kugwirira basi, dzina lina kulibe, ndipo palibe buku loyera limene limaloleza. Mnyamata naye mukamukakamiza kukwatira mwapweteka anthu awiri, iye ndi mwana wamkazi wa eni ake amene akulowa m'banja osadziwa kanthu.

Pali kafukufuku wa ku California amene anandithandiza kumvetsa. Mayi wina, Caitlin Ryan, ndi anzake a Family Acceptance Project anafunsa achinyamata 224 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009, amene anakanidwa kwambiri ndi makolo awo mpata woyesera kudzipha unali woposa ka 8 poyerekeza ndi amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono, ndipo wodwala matenda a nkhawa aakulu pafupifupi ka 6. Ndi za ku America zimenezo, manambala ake osawakokera kuno, koma mwana wokanidwa ndi mayi ake amalira chimodzimodzi kulikonse. Chimene chinandigwira nchoti anthu amenewa anagwira ntchito ndi mabanja opemphera kwambiri monga a Mormon, osawauza kuti siyani chikhulupiriro chanu, koma kuwaonetsa kuti olo kungochepetsa nkhanza, kusiya kumutukwana, kusiya kumubisa alendo akabwera, kumulola kudya nawo pamodzi, kumasintha zambiri pa moyo wa mwanayo. A Trevor Project, bungwe la ku America lothandiza achinyamata otere, nawo mu 2019 anapeza kuti mwa achinyamata amene ali ndi munthu wamkulu olo mmodzi wowalandira, kuyesera kudzipha kumatsika ndi 40 peresenti. Mmodziyo atha kukhala malume, mphunzitsi, mayi wa Mvano, shehe, kapena wogulitsa zitumbuwa.

Nde mwana akakuuzani, kapena mwangozitulukira nokha, choyamba gwirani pakamwa panu. Nkhaniyo ndi yake, si ya gulupu ya banja, sinso yoti mukaimike nayo dzanja ku felosipu kuti tipempherere mwana wa akutiakuti amene wagwidwa ndi mzimu wa Sodomu, imeneyo ndi miseche yovala jekete. Kuno kuulula munthu kutha kumumenyetsa kapena kumumangitsa. Abusa, ansembe, mashehe, akulu a mpingo, mwana akabwera kwa inu mseri zithere momwemo, ndipo ulaliki wa sabata yotsatira usakhale wa iyeyo mpingo wonse ukutembenuka kumuyang'ana. Simukuyenera kukhala ndi yankho tsiku lomwelo, nanunso zakugwerani mwadzidzidzi. Kungonena kuti ndamva, zandivuta, koma ndiwe mwana wanga ndipo ugona m'nyumba muno, ndi zokwanira pa tsiku loyamba. Mufunseni ngati pali amene akumuopseza kapena kumudyera ndalama. Mufunseninso mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizo amenewo m'mutu, kumamupatsa popumira. Akati eya musamusiye yekha, chotsani mankhwala oopsa a m'munda m'nyumbamo ndipo pitani naye kuchipatala. Kwa ana amene akuchitidwa nkhanza pali nambala yaulere ya 116 imene amayendetsa a YONECO omwe ali konkuno ku Zomba, ndipo mabungwe ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance amagwira ntchito ndi anthu amenewa pa nkhani za chitetezo, maufulu ndi zaumoyo.

Za chilango cha mpingo, kudula, kuimitsa mgonero, mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake ine sindingalowerere. Langa ndi funso la sikelo basi. Akuluakulu amene ali ndi ma MG2 timawadziwa, amene anadya ndalama za malata a tchalitchi timawadziwa, ndipo amakhala mipando ya kutsogolo atavala suti. Nde mwana amene wangoulula zomwe akumva, kapena amuulula ndi ena, ndi amene timuchotse mu kwaya tsiku lomwelo osamufunsa nkomwe?

Tinadutsamo kale mu zoterezi ife amene tinaona Edzi ya m'ma 90. Nthawi imeneyo kumaguwa kumalalikidwa kuti ndi chilango cha Mulungu kwa achiwerewere, odwala amabisidwa kuchipinda, kapu yawoyawo mbale yawoyawo. Kenako mipingo ndi mizikiti yomweyo ndi imene inayamba kuyendera odwala m'makomo, amayi a Mvano ndi a dawa kusambitsa anthu, kuphika phala, kulera ana amasiye, mpaka atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi HIV anapanga bungwe lawo la MANERELA+. Palibe mpingo umene unachotsa lamulo la usachite chigololo kuti uchite zimenezi. Unangosiya kufunsa kuti anaitenga bwanji usanamupatse phala.

Mbali inayo nayonso ndili nayo mawu. Anzathu ena omenyera ufulu, ndi anzake a mwanayo a pa intaneti, amangomuuza kuti chipembedzo ndi chimene chikukupha, chisiye. Kunena nkosavuta. Kwa mwana wa ku Songani kapena ku Jali mpingo ndi kumene kuli anzake, nyimbo zake, ndi amene adzaimbe pa maliro a mayi ake, ndipo koposa zonse Mulunguyo amamukhulupiriradi, si sewero. Kumuuza kuti asankhe pakati pa Mulungu ndi mmene alili ndi zomwezija anamuuza bambo ake, mwangosintha dzanja logwirira chikwanje. Ena mwa ana amenewa adzasankha okha kukhala osakwatira potsata chiphunzitso cha mpingo wawo, ena adzasamukira kwina, ena adzakhala chete pa benchi lakumbuyo zaka 40, ena adzachoka nkudzabwerera imvi zitamera. Ulendo umenewo ndi wake ndi Mulungu wake, inu yanu ndi kuonetsetsa kuti akuuyenda ali moyo, wadya, ndipo ali ndi pogona. Komanso ngati iye ndi Msilamu inu Mkhristu, kapena mosemphanitsa, si nthawi yomukopera kwanu poti wafooka. Anganga aja mwezi wonse sanamuuzepo kuti tiye kumzikiti, iwo akamaswali iye amakhala panja akukupiza mbaula.

Amene anathetsa zogona kwa eni ndi mwinimbumba, malume ake a mnyamatayo, anabwera pa minibasi kuchokera ku Thondwe atangomva za kuphiri zija. Si munthu wa zaufulu ayi, ndi dikoni wouma mutu ndipo nkhani za ma gay sazifuna ngati mmene sazifunira mlamu wawo. Anakhala pa mpando pansi pa mango, tonse aneba tikunamizira kuyanika zovala. Anati alamu, mwana akakunyerera pantchafu sudula mwendo. Zomwe zili mumtima mwa mphwangayu ine sindikuzimvetsa ndipo sindigwirizana nazo, koma ameneyu ndi wa mbumba yanga, waya munamumenya nayeyo asadzaonekenso, ndipo ngati nyumba ino yachepa ndimutenga ine lero. Bambo aja sanayankhe, anangolowa m'nyumba nkusiya chitseko chosatseka.

Pano mnyamata uja akugona kwawo. Bambo ake mpaka lero samuyankhula kwenikweni, zonse zimadzera kwa mayi, koma fizi ya ku koleji ya zamanja analipira, anangosiya ndalama patebulo. Ku kwaya sanabwererenso, palibe anamuitana, amalowa mapemphero oyamba a m'mamawa nkukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, nyimbo amaimba chapansipansi nkutuluka mdalitso usanathe. Loweruka lililonse amakawanyamulira anganga thumba la makala kuchokera kumsika. Kiyibodi pano amakatenga ndi mnyamata wina, ndamva waigwetsa kale kawiri.